Wotchi Imadya Machip: Zimene Ndaphunzira pa Mipikisano ya Poker

Linali Loweruka la mwezi wa June, ku Johannesburg kukuzizira kuja kolowa mpaka m'mafupa. Tinalowa anthu 180 m'chipinda cha poker cha kasino ina, matebulo 20, aliyense atalipira R1,100. Olandira ndalama anali 24 otsiriza kutsala. Ine ndinatuluka tili 27.

Ndimakumbukira bwino makhadi amene ananditulutsa. Ndinali ndi eisi ndi kwini. Ndinakankha machip anga onse 23,000 (tindalama tosewerera pa tebulo) pakati, ndipo mnyamata wina wovala chipewa, amene anali pa big blind (mpando woika yaikulu mwa ndalama ziwiri zokakamiza zotchedwa ma blind), sanaganize n'komwe nthawi yaitali. Anavomera ndi 9 ndi 7 za mtundu umodzi. Khadi lomaliza linatuluka 9. Ndinaimirira, n'kunyamula jekete, mtima ukuwawa ngati wandibera munthu.

Panja ndinapeza mdala wina wa ku Nkhotakota amene anagwirapo ntchito yogawa makhadi m'makasino kwa zaka zambiri asanapume. Tinkadziwana pang'ono, monga mmene Amalawi timadziwirana kuno tikangomvana chiyankhulo. Anali ataima kumbuyo kwanga kwa nthawi ndithu akuonerera. Ndinayamba kuwadandaulira za 9 uja, koma iwo anangopukusa mutu.

"Achimwene, 9 uja musamuimbe mlandu," anatero. "Inu munafa kalekale. Tebulo limangodikira tsiku la maliro."

Ndinafuna kutsutsa, koma iwo anayamba kundiwerengera ndi zala. Ola limodzi ndi theka m'mbuyomo ndinali ndi machip 60,000, ma blind ali pa 1,200 ndi 2,400. Kuchokera pamenepo sindinalowe ngakhale dzanja limodzi. Ndinkadikira makhadi abwino. Batani, kachizindikiro kamene kamasuntha mpando umodzi pa dzanja lililonse kusonyeza woyankhula pomaliza, likazungulira tebulo ndinkataya 6,000, kenako 7,500, kenako 10,000, osamenya nkhondo iliyonse. Pamene eisi ndi kwini ankafika, ma blind anali pa 2,500 ndi 5,000, ndipo machip anga sankakwana ngakhale ma big blind asanu. Mnyamata uja ankafunika kuonjezera 18,000 kuti apikisanire mulu wa 35,500. Akapambana kamodzi pa katatu kalikonse, ndalama yake yabwerera, pomwe makhadi ake amagonjetsa anga pafupifupi kanayi pa ka 10. Sanalakwitse chilichonse. Wolakwa ndinali ine amene ndinalola kuti machip anga achepe mpaka osaopsanso munthu.

Zonse zimene ndikulemba pano zinayambira pa mawu a mdala aja.

Kwa amene simunalowepo mpikisano wa matebulo ambiri, umayenda motere. Aliyense amalipira ndalama yofanana n'kulandira machip ofanana. Machip ako akatha, watuluka. Anthu akamachepa, oyendetsa mpikisano amathyola matebulo n'kumasamutsa osewera, mpaka patsale tebulo limodzi, kenako munthu mmodzi. Ma blind, ndalama zokakamiza zimene anthu awiri amaika makhadi asanagawidwe, amakwera nthawi iliyonse wotchi ikalira, kwathu kuno nthawi zambiri pa mphindi 20 kapena 30. Ndalama zimapita kwa anthu ochepa, kawirikawiri pakati pa 12 ndi 15 pa anthu 100 aliwonse, ndipo gawo lalikulu limaunjikana pa malo atatu oyamba.

Apa ndi pamene mpikisano umasiyanirana ndi masewera a ndalama zenizeni, aja umakhala pansi ndi R500 yako n'kudzuka nthawi imene wafuna. Kumeneko chip cha R50 ndi R50, lero ndi mawa. Ukhoza kudikira usiku wonse, ma blind sakwera. Mu mpikisano muli mdani wina amene sakhala pa mpando uliwonse, ndiye wotchi, ndipo iye satopa.

Anthu ambiri a msinkhu wanga anakopeka ndi masewerawa chifukwa cha munthu mmodzi. Mu 2003, Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando wa World Series of Poker ku Las Vegas kudzera mu kampikisano kotchipa ka pa intaneti, pomwe mpandowo umagulidwa $10,000. Anagonjetsa gulu la anthu 839 n'kutenga $2.5 miliyoni. Patangotha zaka zitatu, mu 2006, olowa anafika 8,773, ndipo mu 2024 anali 10,112. Mpikisano umenewu unayamba mu 1970 ku Binion's Horseshoe ndi anthu ongokwana tebulo limodzi. Koma chimene ine ndimaona pa nkhani ya Moneymaker si ndalamazo. Atatsala awiri ndi Sam Farha, katswiri wodziwika, iye anakankha machip onse pa khadi lomaliza ali ndi kingi ndi 7 zimene sizinagwire kanthu, ndipo Farha anataya makhadi amene anali patsogolo. Dzanja lotchuka koposa la chaka chimenecho linapambanidwa ndi makhadi ogonja.

Tiyambe koyambirira, ngakhale kuti kumeneko sindikhalitsako. Mpikisano ukamayamba aliyense amakhala ndi ma big blind 100 kapena 200, ndipo ma blind ndi ochepa moti kuwalanda sikupindulitsa. Nthawi imeneyi mwambi uja woti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito. Makhadi amene ndimakonda pamenepa ndi awiri ofanana ang'onoang'ono, monga ma 5 awiri, ndi otsatana a mtundu umodzi, monga 8 ndi 7. Ma 5 awiri amapeza mnzawo wachitatu pa flop, makhadi atatu oyamba oikidwa poyera pakati pa tebulo, kamodzi pa ka 8 kapena 9, choncho ndimavomera kokha ngati ine ndi wokweza uja tili ndi machip ochuluka ka 15 kapena ka 20 kuposa amene ndikuika. Tsiku limene 5 wachitatu watuluka, munthu wa ma kingi awiri amalipira masiku onse amene ndinaphonya.

Oopsa ndi makhadi okongola pamaso: kingi ndi jeki, eisi ndi 10, kwini ndi jeki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukavomera nawo munthu amene wakweza ali kumayambiriro kwa tebulo, tsiku limene kingi watuluka ndi tsiku lomwe iye ali ndi eisi ndi kingi, ndipo umamulipira katatu. David Sklansky anafotokoza kalekale kuti makhadi ovomerera kukweza kwa mnzako ayenera kukhala amphamvu kuposa makhadi oyambira kukweza wekha. Woyamba ali ndi njira ziwiri zopambanira: onse ataye, kapena makhadi ake agwire. Wovomera watsala ndi imodzi.

Ntchito yeniyeni ya maola oyambawa ndi kuyang'ana anthu. Ndimafuna kudziwa amene amalowa dzanja lililonse, amene amataya big blind yake akangokwezeredwa, amene amanjenjemera manja akaika machip ambiri, amene wabwera kudzasangalala ndi mowa m'manja, ndi amene akuwerenga machip a anzake mwakachetechete. Makamaka ndimayang'ana anthu awiri a kumanzere kwanga, chifukwa ma blind awo ndi amene ndidzalande, ndiponso iwo ndi amene amayankhula ine nditayankhula kale. Vuto la matebulo ambiri n'lakuti ukangowadziwa bwino anthuwa, wina amabwera n'kukugwira paphewa, kukupatsa kakhadi ka tebulo lina, ndipo umayambanso pa ziro. Ndikafika pa tebulo latsopano sindiyamba ndi nkhope, ndimayamba ndi milu ya machip: wamkulu ali pati, aang'ono ali pati, ndipo ine ndili pakati pa ndani ndi ndani.

Za malo okhala ndinene mwachidule. Woyankhula pomaliza amaona zonse zimene anzake achita asanaike chip chake. N'chifukwa chake ndikakhala woyamba kuyankhula pa tebulo la anthu 9 ndimalowa ndi makhadi ochepa kwambiri, mwina dzanja limodzi pa 7 kapena 8, pomwe ndikakhala pa batani onse atataya, ndimalowa ndi pafupifupi theka la makhadi onse. Makhadi omwewo, eisi ndi 8, ndi zinyalala pa mpando wina ndipo ndi chuma pa mpando wina.

Tsopano pamene pagona nkhani. Ante, ndalama ina yokakamiza yoonjezera pa ma blind, ikayamba, masewera amasintha ngakhale kuti makhadi ndi omwe aja. Masiku ano m'mipikisano yambiri wa pa big blind ndi amene amalipirira ante ya tebulo lonse, yofanana ndi big blind yake. Ndiye kuti makhadi asanagawidwe, pakati pali kale ma big blind awiri ndi theka opanda mwini. Ukakweza ndi ma big blind awiri, ukuika 2 kuti utenge 2 ndi theka. Onse akataya ka 45 pa ka 100, wapindula kale ngakhale utakhala ndi mapepala opanda chizindikiro m'manja. Pa matebulo ambiri amene ndakhalapo, anthu amataya kuposa pamenepo.

Usiku wa June uja ndinkaganiza kuti ndikudekha. Kunena zoona, ndinkangopereka msonkho kwa anzanga amene ankadziwa masamu amenewa. Ife tinaleredwa kuti munthu wabwino sathamangira mbale, amadikira kuti apatsidwe, ndipo khalidwe limenelo ndi labwino pa mphasa ya kwathu. Pa tebulo ili palibe amene amagawira mnzake. Eisi awiri amabwera kamodzi pa manja 221. Pa tebulo la makhadi enieni mumasewera manja pafupifupi 30 pa ola. Werengani nokha: wodikira eisi awiri akhoza kukhala maola 7, pomwe wotchi ikulira pa mphindi 30 zilizonse.

Chimene mdala aja anandiphunzitsa choyamba ndi kusiya kuwerenga machip n'kuyamba kuwerenga ma big blind. Machip 60,000 sanena kanthu. Pa big blind ya 600 ndiwe mfumu, pa big blind ya 6,000 uli pa bedi la chipatala. Dan Harrington, amene anapambana mpikisano waukulu uja mu 1995 n'kufikanso pa tebulo lomaliza mu 2003 ndi 2004, anatchukitsa kawerengedwe kena kotchedwa M, kochokera kwa Paul Magriel: gawani machip anu ndi ndalama imene mumataya batani likazungulira kamodzi, ndipo mudziwa kuti mwatsala ndi maulendo angati musanathe. Ine ndimawerenga ma big blind chifukwa n'zosavuta, koma funso ndi limodzi. Nthawi iliyonse wotchi ikalira, ndisanayang'ane makhadi, ndimadzifunsa kuti ndatsala ndi angati.

Ndikakhala ndi 40 kapena kuposa, ndili ndi zida zonse: ndikhoza kukweza, kuvomera, kukwezanso pamwamba pa wina, kubetcha katatu popanda kanthu. Ndikafika pakati pa 20 ndi 30, ndimasiya kuvomera ndi ma 4 awiri n'chiyembekezo cha wachitatu, chifukwa palibenso machip okwanira kulipira masiku ophonya. Pakati pa 15 ndi 20 pali chida chimene ndinachedwa kuchidziwa: munthu wokonda kulanda ma blind akakweza ali chakumapeto, ine n'kukankha zonse pamwamba pake. Iye wakweza ndi makhadi ambiri amene sangapirire nawo nkhondo ya machip onse, ndipo akataya ndimakolola ma big blind anayi ndi theka kapena asanu osaona flop. Kwa munthu wa 18, kumeneko ndi kukula ndi gawo limodzi la magawo anayi pa dzanja limodzi.

Ndikatsika kufika pa 12 kapena 10, mawu amatsala awiri: zonse, kapena kutaya. Apa ndikufuna tikhale pansi ndi masamu, chifukwa ndi pamene mtima umanama kwambiri. Ma blind ali pa 1,000 ndi 2,000, ante 2,000, pakati pali 5,000. Ine ndili pa batani ndi 24,000, onse ataya, m'manja muli kingi ndi 9. Mtima umati, makhadi awa si ofera. Koma tiyerekeze kuti anthu awiri otsalawo amataya katatu pa kanayi. Katatu kameneko ndatenga 15,000 popanda nkhondo. Kachinayi wandivomera wa pa big blind ndi makhadi oposa anga, mulu wafika 51,000, ndipo ine ndimapambana mwina ka 35 pa ka 100. Gawo langa la muluwo ndi pafupifupi 18,000, ndiye kuti ndataya 6,000 pa 24,000 amene ndinaika. Kuphatikiza maulendo anayiwo, ndapeza 15,000 n'kutaya 6,000. Kukankha kukupindulitsa, ndipo phindu lonse likuchokera ku maulendo amene anzanga ataya, osati ku kingi wanga.

Mphamvu imeneyi yochititsa munthu kutaya makhadi ndi imene imasungunuka ukamadikira. Ndi ma big blind 12, munthu wa 30 amaganiza kawiri, chifukwa akaluza wavulala kwambiri. Ndi anayi, aliyense amakuvomera akumwetulira. Eisi ndi kwini wa usiku uja anali makhadi abwino kuposa kingi ndi 9, koma anafika nthawi imene mano anga anali atagweruka kale.

Osewera bawo adzandimvetsa msanga. Pa bawo suyang'ana dzenje limodzi lokha, umawerenga nkhomo n'kuona kumene dzanja lako likathere, ndi chimene mnzako adzadye iwe ukamaliza. Amalume anga ku Zomba ankatha kukhala chete nthawi yaitali ataweramira bawo, milomo ikugwedera, ndipo akagwira nkhomo ankadziwa kale mathero ake. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bawo zonse zili poyera, pomwe pa poker umawerenga zinthu zobisika. Sufunsa kuti mnzanga ali ndi makhadi ati, umafunsa kuti ndi makhadi angati amene angachite nawo zimene wachitazi, ndipo pa amenewo ndi angati amene angapirire ndikamukankha.

Mbali ina ya ndalama yomweyo ndi kuteteza big blind yako. Wina akakweza ndi ma big blind awiri, wa small blind, uja amaika theka la big blind, n'kutaya, pakati pali anayi ndi theka ndipo iwe ukufunika kuonjezera imodzi yokha. Ukapambana ka 18 pa ka 100 wabweza yako. Zoona, uyankhula poyamba mpaka dzanja lithe ndipo nthawi zambiri udzataya pa flop, choncho si makhadi onse oyenera. Koma amene amataya 10 ndi 8, kapena kwini ndi 6 za mtundu umodzi, pa mtengo umenewu, akulengeza ku tebulo lonse kuti munda wake ulibe mlonda.

Kenako pamabwera bubble, nthawi imene kwatsala anthu ochepa kuti otsala onse alowe m'ndalama. Chipinda chimasintha. Nthabwala zimatha, anthu amaimirira kusuzumira matebulo ena, ndipo ena amachedwa dala ndi makhadi amene akudziwa kuti ataya. Oyendetsa mpikisano amalamula kuti matebulo onse azisewera dzanja limodzi limodzi, kudikirana. Apa pali choonadi chimene chinanditengera zaka: chip chimene wapambana n'chotsika mtengo kuposa chip chimene wataya.

Akatswiri amawerenga zimenezi ndi njira yotchedwa ICM, imene mizu yake ili m'masamu a David Harville a mu 1973 okhudza mipikisano ya akavalo, ndipo Mason Malmuth anaibweretsa ku poker. Chitsanzo chaching'ono chikwanira. Mwatsala atatu, mphoto ndi 50, 30 ndi 20. Woyamba ali ndi machip 5,000, wachiwiri 3,000, wachitatu 2,000. Ukawerenga mwayi wa aliyense womaliza pa malo aliwonse, wa theka la machip onse uja gawo lake ndi 38 yokha, wachiwiri pafupifupi 33, ndipo wamng'ono uja, amene ali ndi gawo limodzi la magawo asanu a machip, ali ndi pafupifupi 29. Ngakhale utasonkhanitsa machip onse a m'chipindamo, sulandira 100, umalandira 50. Choncho kuwirikiza machip ako sikuwirikiza ndalama zako, koma kuwataya onse kumakutayitsa zonse.

Zotsatira zake n'ziwiri, ndipo zimaoneka ngati zikutsutsana. Pafupi ndi ndalama, kuvomera machip onse a munthu wokuposa kumafuna makhadi amphamvu kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Eisi ndi kingi, amene amagonjetsa ma kwini awiri ka 43 kapena 46 pa ka 100, ndawatayapo pa bubble wamkulu wa tebulo atakankha, ine ndili ndi mulu wapakati, kutsidya kuli anthu awiri otsala ndi ma big blind atatu. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Koma chifukwa anzako nawonso akusunga makosi awo, nthawi yomweyo ndi imene kuyamba iwe kukankha kumakolola kwambiri. Wa mulu waukulu ayenera kukweza pafupifupi dzanja lililonse, ndipo asalimbane ndi aang'onoang'ono amene alibenso chotaya, koma apakati amene ali ndi zambiri zoopa. Wapakati apewe wamkulu n'kumafinya ocheperapo. Wamng'ono aone ngati alipo wina wamng'ono kuposa iye amene big blind imufikire poyamba. Mantha ndi omwewo pa tebulo lonse, nkhani ndi yakuti iwe uli mbali iti ya manthawo.

Malo amene zimenezi zimaonekera poyera ndi timipikisano topezera mipando, monga kaja kanatumiza Moneymaker ku Las Vegas. Ngati mipando ili 10, mwatsala 11, ndipo iwe uli ndi mulu wabwino, wa nambala 1 ndi wa nambala 10 amalandira chinthu chimodzimodzi. Wina wokuposa akakankha zonse, ngakhale eisi awiri umawataya. Ndinaonapo mayi wina akuchita zimenezi, anawaonetsa tebulo lonse asanawaponye, ndipo anyamata anafuula kuti wapenga. Patapita manja awiri wina anatuluka pa tebulo lina, mayi uja n'kutenga mpando wake.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene chinandigwira ine. Ndalama yoyamba, ija amalandira wa nambala 24, nthawi zambiri imangoposa pang'ono kuwirikiza kawiri imene unalipira, mwinanso osafika. Wa nambala 1 amalandira ka 30 kapena 40. Munthu amene cholinga chake chonse ndi kukwawa mpaka alowe m'ndalama amafika kumeneko ndi ma big blind atatu, n'kutuluka nthawi yomweyo, ndipo pa chaka chonse amapezeka kuti waluza. Kusamala pa bubble kuli ndi malo ake, manja ochepa omaliza. Kuyamba kusamala kutatsala anthu 20 kuti ndalama zifike, monga ndinachitira ine, ndi kugulitsa ng'ombe kuti ugule nkhuku.

Bubble ikangophulika, aang'ono onse amene anabisala amayamba kukankha ndi chilichonse, ndipo kwa theka la ola anthu amatuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Imeneyo ndi nthawi yovomera mopepukirapo. Pa tebulo lomaliza mantha aja amabwereranso, chifukwa malo aliwonse ndi ndalama yooneka. Anthu akamachepa, ma blind amakufika pafupipafupi, ndipo makhadi amene unkataya muli 9 amasanduka okwezera mukatsala anayi. Kuno ku South Africa osewera akale amakumbukirabe Raymond Rahme, amene mu 2007 anafika pa nambala 3 mwa anthu 6,358 ku Las Vegas n'kulandira ndalama zoposa $3 miliyoni. Anatuluka ali ndi ma kingi awiri, Jerry Yang ali ndi eisi ndi 5, eisi n'kutuluka pa flop. Masiku ambiri a kusewera bwino anathera pa khadi limodzi.

N'chifukwa chake sindingalembe zonsezi osanena za ndalama, ndipo apa ndikuyankhula ndi mtima wonse kwa abale anga amene tili kuno kudzasaka. Eisi awiri amagonjetsa ma kingi awiri ka 82 pa ka 100. Ukalowa nkhondo zisanu zotero motsatizana, machip ako onse ali pakati, mwayi woti upulumuke zonse zisanu ndi 37 pa 100 basi. Kuti upambane mpikisano wa anthu 180 uyenera kudutsa nkhondo zingapo zimene mwayi wake ndi theka ndi theka, ndipo kupambana zinayi zotero motsatizana kumachitika kamodzi pa ka 16. Ngakhale akatswiri amabwerera kunyumba chimanjamanja pa mipikisano pafupifupi 8 mwa 10. Amene amadya za poker amalangiza kuti ukhale ndi ndalama zokwana kulowa mipikisano 100 ya mtengo umene ukusewera, zopatulidwa, zosakhudzana ndi lendi. Ambirife tilibe ndalama zotero, ndipo tanthauzo lake n'loonekeratu: kwa ife awa ndi masewera olipira ngati mmene umalipirira kukaonera mpira, si ganyu.

Stu Ungar anapambana mpikisano waukulu wa ku Las Vegas katatu, mu 1980, 1981 ndi 1997, ndipo ambiri amati panalibe wina waluso ngati iye. Mu 1998 anamupeza atamwalira m'kachipinda ka motelo mumzinda womwewo, atatsala ndi ndalama zochepa kwambiri. Luso la pa tebulo silinamuteteze ku zimene zinkamudya kunja kwa tebulo. Ndaonapo mnyamata wa kwathu, wogwira ntchito ya m'munda ku nyumba za azungu, akulowanso mpikisano kachitatu usiku umodzi ndi ndalama imene anati atumiza kwa mayi ake. Ndinamukokera pambali. "Aise, tiye tizipita, ndikulipirira taxi." Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti akungofuna kubweza yake. Mawu amenewo ndi oopsa kuposa khadi lililonse. Mipikisano yambiri masiku ano imalola kulowanso ukatuluka msanga, ndipo ndi pamene R1,100 imasanduka R3,300 munthu osazindikira.

Kwathu lamulo tinapangana ndi mayi a ana. Mwezi ukatha, lendi, sukulu ndi za kumudzi zimapita kaye. Yotsala ya poker imalowa m'kabotolo kake, ndipo ndimalowa kamodzi pa mpikisano uliwonse. Khadi la ku banki limatsala kunyumba. Kabotolo kakauma, ndimakhala miyezi iwiri kapena itatu ndikungowerenga manja akale, ndipo sindinafepo nazo.

Amasimba za Jack Straus, kuti mu 1982 anakankha machip ake n'kuluza, ataimirira anapeza chip chimodzi cha 500 chitabisala pansi pa kansalu kopukutira, ndipo popeza sananene kuti waika zonse, anamulola kupitiriza mpaka anapambana mpikisano wonse. Osewera amaikonda nkhaniyi, ndipo inenso ndimaikonda, koma ndaona ikuwononga anthu. Amaitenga ngati chilolezo chodikira mpaka atsale ndi chip chimodzi. Straus sanafike pa chip chimodzicho podikira, anafikapo akumenya nkhondo.

Mdala a ku Nkhotakota aja anabwerera kumudzi chaka chatha. Asanapite anandiuza kuti ndigule kabuku ka sukulu, ndizilemba mpikisano uliwonse: tsiku, ndalama yolowera, olowa angati, ndatuluka wa nambala chani, makhadi omaliza, ndi ma big blind amene ndinali nawo pamene ndinkakankha. Anati mzere womalizawo ndi umene adzafune kuona ndikadzapita kukawaona kunyanja. Masamba oyamba ali ndi 4, 3, 5, 4. Chapakati manambala ayamba kukwera, ndipo pali tsamba limodzi limene ndinalemba ndi cholembera chofiira, tsiku limene ndinamaliza wa nambala 4 mwa anthu 212.

Lamlungu lapitali ndinalowanso. Titatsala 41, olandira ali 27, ndinapezeka pa batani ndi ma big blind 11, onse atataya. Kumanzere kwanga kunali bambo wina wachikulire amene anali atataya big blind yake kanayi motsatizana, ndi mtsikana wa mulu wapakati. Ndinasuzumira makhadi: kingi ndi 9. Ndinakankha zonse. Mtsikana anataya msanga. Bambo aja anayang'ana makhadi awo kawiri, anawerenga machip awo, n'kuvomera ndi eisi ndi kwini. Palibe kingi kapena 9 amene anatuluka. Ndinawagwira chanza, n'kutuluka kukadikira galimoto pa mphepo. M'galimotomo ndinatsegula kabuku pa bondo, ndinalemba tsiku, R1,100, nambala 41, kingi ndi 9, ndipo mu mzere womaliza ndinalemba 11.